Batire Tinagula, Koma Tikugonabe Mumdima

Ife amene tikulemba izi si anthu oti mungatidziwe. Ena tili ndi timaokala m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe, ena timameta tsitsi ndi kutchaja mafoni ku Chileka, wina ndi mphunzitsi wopuma pantchito, wina ndi mayi wogulitsa mafilizesi pa geti la sukulu. Tinakumana pa maliro a m'bale wathu. Usiku pa siwa, moto utayamba kuzilala, bambo wina anangoyamba kudandaula za batire lake. Pomwe tambala amalira n'kuti aliyense atatulutsa yake nkhani, ndipo zonse zinali ngati ana a mimba imodzi. Kutacha, amayi ophika nsima ya adzukulu atamva, anati nafenso tili nazo. Ndiye tinati tilembe, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Magetsi a dziko lino amapangidwa kuseri kwa nyumba zathu. Nkula ndi Tedzani zili pa Shire pompa, ndipo mawaya akuluakulu opita ku Blantyre amadutsa pamwamba pa minda yathu. Kukachita chinyezi timawamva akulira ife tili wera ndi khasu pansi pake. Koma m'nyumba mwathu magetsiwo ndi mlendo. Zinafika poipa mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Chaka chonsecho magetsi ankachoka tisanamwe tiyi, n'kubwera ana atagona kale. Kapichira anayikonza mu 2023, chaka chomwe namondwe wa Freddy anatigwetsera makoma mu Malichi, koma kuthimathima sikunatheretu. Lero akuti zinyalala ndi namasupuni zatseka makina, mawa akuti pholo lagwa, mkuja akuti akuba akhetsa mafuta a mu thiransifoma. Jenereta tinaiganizirapo. Koma munthu amene anagonapo pa mzere wa petulo atakumbatira chigubu saiganiziranso.

Amene anatiuza za batire ndi inveta anatiuza mokoma. Akuti magetsi akabwera batire limadzaza lokha, akachoka inveta imatenga mphamvu ya m'batiremo n'kuisandutsa magetsi onga a m'khoma, iwe osadziwa n'komwe kuti kunja kwathima. Tinaona nyumba za anthu opeza bwino zikuwala pakati pa mdima. Tinasirira, sitikana.

Ndalama yake sinali pansi pa pilo. Mayi wa mafilizesi anakongola ku banki mkhonde. Aphunzitsi anadula pa kandalama kawo kopumira, komwe anakadikira mpaka nsapato zinatha ndi maulendo. Wometa tsitsi anagulitsa mbuzi zitatu za amayi ake pa msika wa Lunzu, atalonjeza kuti abweza zinayi. Wina anatumiziridwa marandi ndi mwana wake wa ku Joni, yemwe amagona kachipinda kamodzi ndi anzake asanu. Ndipo ndalamayo timaitolera ikusungunuka m'manja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mmodzi wa ife anakafunsa mtengo Lachiwiri, n'kubwerera kudzagulitsa matumba asanu a chimanga. Popitanso Loweruka la sabata inayo anapeza mtengo wina. Wogulitsa anangoti, "Ndi dola, bambo, si ine." Anabwerako ndi batire laling'ono kusiyana ndi limene anapitira, chimanga chitapita kale.

Kuno kulibe kogula zinthu zimenezi. Pa msika pathu mumapezeka timabatire ta njinga yamoto ndi timapanelo tochajira foni basi. Ndiye umalawira, kukwera minibasi, kudutsa Lunzu, kutsika mu Blantyre, kukweranso ya ku Limbe. Wa kumidzi ya ku Chileka amayamba walipira kabaza kuti afike pamsewu. Pobwerera batire limalipira mpando wakewake. Kondakitala akangoliona amati, "Amayi, uyu ndi munthu wathunthu, sakwera ulere." Tsiku lonse okala ili chitsekere, ndipo zimenezo palibe amaziwerengera pa mtengo.

M'sitolomo mabokosi ndi okongola. Pa bokosi la inveta alembapo 3000W ndi zilembo zikuluzikulu zofiira. Pa batire alembapo 200Ah, n'kuikapo kambendera ka Germany pakona, ngakhale palibe angakuuze kumene linapangidwa. Mnyamata wogulitsa amalumikiza babu limodzi, n'kuyaka. "Mwaona, madala? Ichi chimakoka filiji, TV, ayironi, chilichonse." Ife tikanatsutsa ndi chiyani? Za magetsi sitinaphunzire.

Tinadzaphunzira pambuyo pake, fizi yake n'kukhala mbuzi zathu. Tinadzamva kuti batire lenileni la 200Ah la mtovu limalemera kuposa thumba la simenti, pamene la mayi wa mafilizesi mwana wa Fomu 2 ankalinyamula yekha kuchoka nalo pa siteji. Tinadzamva kuti batire la mtunduwu silifunika kulikama kupitirira theka, kutanthauza kuti pa mphamvu imene walipira, yako ndi theka lokha, ukadyako inayo ukulifupikitsira moyo. Tinadzamva kuti filiji ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, n'chifukwa chake inveta ya 3000W ya pa bokosi imazima filiji ikangoti gwedeze. Tinadzamvanso kuti mainveta alipo a mitundu iwiri, ndipo otchipawo amatulutsa magetsi okakala, amene amaliritsa ndi kutenthetsa mota ya filiji ndi mashini ometera mpaka kupsa. Amene anagula batire la galimoto poti ndiye lotsikirako mtengo anadzauzidwa mochedwa kuti limenelo ntchito yake ndi kuliza injini basi, si kuyatsa nyumba usiku wonse. Kaya wogulitsa uja zimenezi amazidziwa n'kungokhala chete, kaya nayenso sazidziwa, kwa ife kupweteka kwake n'kumodzi.

Ukafika nazo kunyumba umafuna mmisiri. Amisiri enieni ali m'tauni ndipo amafuna uwalipirire ulendo. Ndiye umaitana mnyamata wa pamsika amene amakonza mawailesi. Nyumba ina ku Chileka anailumikiza ndi waya woonda ngati wa tochi, wopanda fyuzi. Usiku wina eni nyumba anadzidzimuka ndi fungo la pulasitiki, waya akusungunuka kuseri kwa kabati, pafupi ndi mphasa ya ana. Anazimitsa ndi mchenga. Mmisiri uja kuyambira tsiku limenelo foni yake sikupezeka.

Koma chimene ogulitsa sanatiuze n'komwe, chomwe chatipweteka kuposa zonse, n'chakuti batire limadya magetsi omwewo amene kulibe. Kuti likhute limafuna maola ambiri, pafupifupi usiku wonse. Tsono magetsi akabwera 11 koloko usiku n'kuchoka 4 koloko m'bandakucha, batire limadzuka ndi njala, ife n'kulikamanso tsiku lonse. Mawa chimodzimodzi. Zili ngati ng'ombe yomangoikama tsiku ndi tsiku osaipititsa kubusa. Mwezi woyamba linkatifikitsa m'mawa. Mwezi wachinayi linkafika pakati pa usiku. Isanathe miyezi isanu ndi itatu linkatha nkhani za pa wailesi zamadzulo zili mkati. Inveta ikaona kuti batire lafooka imayamba kulira, tswii, tswii, ngati mwanapiye wosochera. Kulira kumeneko ana athu akukudziwa. Akangokumva amatseka makope okha, osadikira kuuzidwa.

Mayuniti nawo anayamba kutha msanga, poti mphamvu imene umathira m'batire siibwerera yonse, ina imangothera kutenthetsa bokosi. Tikadandaula amati onjezerani mapanelo a sola kuti dzuwa lizithandiza. Ndalama ina. Mukagula mapanelo amati pakufunikanso kabokosi koyang'anira katchajidwe. Ndalama ina. Mapanelo ukawaika padenga umagona khutu limodzi lili kunja kuopa akuba. Ndiye pali kutentha. Amene anakhalapo ku Lirangwe mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, akudziwa zimene tikunena. Batire silikondana ndi kutentha, madzi ake amauma msanga, ndipo madzi a batire nawo ndi ogula. Wina anatilangiza kuti tigule la lithium, akuti limakhala zaka zambiri. Tinakafunsa mtengo wake. Tinathokoza, n'kutuluka.

Pakati pathu pali mayi amene amuna awo amadwala shuga ndipo amadzibaya insulin tsiku lililonse. Mankhwala amenewa safuna kutentha. Kale ankawasunga mu mtsuko, atawakulunga m'kansalu konyowa n'kuwaika pa mchenga wothira madzi. Anabwereketsa dimba lawo kwa zaka ziwiri kuti agule kafiliji, batire ndi inveta, kuti mwina mtima ukhale pansi. Anatiuza za usiku wina wa mu Novembala. Inveta inalira cha m'ma 2 koloko. Anadzuka, kufufuza machesi, kutsekula filiji, kukhudza timabotolo ndi kuseri kwa dzanja. Timabotoloto tinali tisanafunde. Anatuluka ndi chitenje chimodzi kupita kukhitchini, kukatenga mtsuko womwe uja, umene anali atayamba kusungiramo nyemba. Anakhuthula nyembazo m'lichero, kukatapa mchenga kuseri kwa bafa, kuthira madzi, kuika mankhwala. Amuna awo anafunsa ali gone kuti, "Chafanso?" Anayankha kuti, "Gonani, bambo, ndakonza." Dimba lija mpaka lero akulima ndi ena.

Wometa tsitsi uja Loweruka lina anatsala ndi kasitomala mutu uli theka. Anamaliza ndi lezala ndi chipeso, mnzake akuunikira ndi tochi ya foni. Kasitomalayo sanalipire, ndipo anzake anayi amene anali pabenchi ananyamuka mmodzimmodzi. Mbuzi za amayi ake sanabwezebe, ndipo Khirisimasi yapitayi kumudzi sanapiteko. Mayi wa mafilizesi anapeza mafilizesi 200 atasanduka madzi ofunda, shuga wake ali wa ngongole. Kawiri, katatu, ndalama ya ku banki mkhonde inayamba kuperewera. Amayi anzake, omwe amapemphera nawo mpingo umodzi, anabwera m'mawa wina n'kukhala pakhonde osalankhula zambiri. Pochoka ananyamula filiji yomweyo.

Musaganize kuti sitinabwerere kumene tinagula. Tinabwerera, batire likulipiranso mpando. Ulendo woyamba anati abwana achoka, mubwere sabata yamawa. Wachiwiri anati mwatchaja molakwika. Wachitatu anafunsa lisiti, ndipo titatulutsa kapepala kamene anatilembera okha, kopanda dzina la sitolo, kopanda chidindo, anakayang'ana ngati sanakaonepo. Galanti ya chaka chathunthu imene anatilonjeza inali ya pakamwa. Pakhoma, pamwamba pa kauntala, panali chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa, chomwe tsiku logula sitinachione chifukwa maso anali pa babu loyaka lija. Aphunzitsi, poti ndi odziwa kulemba, anayesa kukadandaula ku maofesi. Kwina anati nkhaniyi si ya kuno. Kwina anati siyani kalata, tikuimbirani. Foni yawo amaitchajitsa kwa aneba kuti isazime, kuopa kuti angaimbe iwo osamva.

Batire likafa limatsala ndi mtengo wa nkhuku ziwiri. Anyamata ogula zitsulo amabwera ndi sikelo yawo, kuliyeza, n'kukaliswa kuseri kwa msika kuti achotse mtovu. Asidi amangomukhuthulira pansi, pomwe ana amaseweretsa mpira wa mapepala ndipo mbuzi zimanyambita dothi.

Za mawa timazimva pa wailesi. Timamva za mawaya ochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya ku Balaka.  Timamva za damu la Mpatamanga, lomwe njira yake yopitira imadutsa kwathu ku Chileka konkuno. Sititsutsa chilichonse mwa zimenezi, ndipo tikupemphera kuti tidzazione ndi maso. Kungoti ngongole zathu sizidikira damu.

Mutikhululukire, sitinaleredwe mokwezera akuluakulu mawu, ndipo ena mwa ife anakana kuti ndime ino ilembedwe. Koma takwiya. Mabatire onamawa sagwa ndi mvula. Amalowa pa zipata za dziko lino, amatsitsidwa masana, amaikidwa pa shelefu anthu akuona. Mayi wogulitsa tomato pamalo olakwika amathamangitsidwa, dengu n'kutayidwa, koma wogulitsa batire lolembedwa bodza amakhala pa mpando wofewa, fani ikumupepesera. Ife talipira polowetsa magetsi, tikulipira mayuniti, talipira batire loti litiyatsire magetsi akasowa, ndipo madzulo timatumabe mwana kukagula kandulo. Tilipire kangati kuti tione nkhope za ana athu pa chakudya chamadzulo? Pepani ngati tapyola.

Zimene tikupempha si zazikulu. Pa kauntala pakhale sikelo ndi choyezera mphamvu, batire aziliyeza ife tikuona tisanapereke ndalama. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo ndi chidindo, galanti ilembedwe papepala. Amene amayendera masitolo kukaona masikelo a shuga ndi mafuta ophikira alowekonso kumene kuli mabatire. A magetsi akanena kuti abweretsa 6 koloko, ikhale 6 koloko, kuti nafe tidziwe pokonzekera. Ndipo patapezeka malo osiyako mabatire akufa, tingawanyamule tokha pa njinga.

Batire la aphunzitsi lili pakhonde. Anakana kuligulitsa kwa anyamata a sikelo, akuti akadzaimba a ku ofesi aja pafunika umboni. Zidzukulu zawo zimakhalirapo zikamamwa phala. Inveta anaibwezera m'bokosi mwake, n'kuikweza pamwamba pa kabati, pafupi ndi koloboyi amene anakamutolanso kudzala.