Mwana wosambira m'damu angafike ku Olympics?

Okutobala yafika, Chipata yayamba kutentha monga mbaula. Imwe a ku Kapata, Mchini na Navutika mudziwa kale kumene ana athawira akakomboka kusukulu. Ena ku damu ya Apollo, olimba mtima mpaka ku Lutembwe. Malaya pansi, phava m'madzi! Palibe anawaphunzitsa, koma onani mmene adulira madzi. Manje luso lonseli lithera kuti?

Ambiri tikamva za mpikisano wosambira tikamba kuti ni masewera a azungu na ana a mabwana. Koma ku Olympics ya ku Paris mu 2024, mbendera yathu inalowa m'madzi na Mia Phiri na Damien Shamambo, onse pa mamita 50 a freestyle. Ku Tokyo kunali Tilka Paljk na Shaquille Moosa, ku Rio mu 2016 Ralph Goveia na Jade Howard. Mendulo sanabweretse, zoona, koma anafika kumene ambiri tiona chabe pa TV. Aneba athu a ku Zimbabwe ali na Kirsty Coventry, amene anatenga mamendulo 7 a Olympics, awiri agolide. Mu 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa IOC, mzimayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpando uja.

Musaganize kuti ni vopepuka. Pool ya Olympics ni mamita 50 kutalika, ndipo nthawi aiwerengera mpaka tuzidutswa twa sekondi. Ku Paris, Cameron McEvoy wa ku Australia anawina mamita 50 pa masekondi 21.25. Ben Proud wa ku Britain anafika pa 21.30, golide n'kumuphonya. Kuphethira diso kumachedwa kupambana apo. Pamene paja mphamvu payekha siikwana. Afunika kochi wokuuza podumphira, popumira, na mmene utembenukira pa khoma.

Njira yolowera iliko. Dziko limene osambira ake sanakwanitse nthawi yofunika litha kupatsidwa malo a mwamuna mmodzi na mkazi mmodzi. Ni mmene Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea anafikira ku Sydney mu 2000. Mnyamata uja anali kuphunzirira mu pool ya pa hotela, ya mamita 50 anali asanaionepo. Mamita 100 anawatsiriza pa 1:52.72, ali wefuwefu, anthu ali chiimire kumukuwira. Ena anamuseka, koma sanaleke, ndipo patsogolo anakhala kochi wa timu ya dziko lake.

Pool ya pa hotela, mwamva? Ni yamene tili nayo kuno, m'mahotela na m'malodge. Koma ise tipitako pa Sande kukajambula vithunzi va pa Facebook, mapazi chabe m'madzi, botolo kumanja. Pool yaikulu ya mipikisano ili ku OYDC ku Lusaka, makilomita opitirira 500 kuchoka kuno. Mwana wa ku Mchini akafikako bwanji ngati palibe amene anamugwirirapo wotchi?

Ndipo nkhani iyi si ya mendulo chabe. Damu si pool. Pansi pali matope ogwira miyendo, pena pakuya mwadzidzidzi, m'madzi oima muli nkhono za likodzo. Mwana akamira sakuwa monga mufilimu, amangolowa zii, anzake ali kuseka pambali. Mvula ikayamba, maenje a njerwa nawo adzala. Kumenya mwana sikumuletsa kupita kumadzi, kumuphunzitsa chabe kubisa.

So tichite bwanji? Imwe makolo, funsani kumene mwana asambira, ndipo asapite popanda wamkulu wodziwa madzi. Imwe a malodge, pa Chiweru m'mawa pool ikhala chabe, bwanji osatsegulira ana a sukulu pa mtengo wochepa, mphunzitsi ali pompo? Imwe achinyamata, pa miting'i ya CDF mu ward yanu musamakambe za bola yekha. Uzani akhansala kuti mufuna pool ya anthu onse, olo ya mamita 25.

Olympics yotsatira ili ku Los Angeles mu 2028. Ija yatifulumirira, tisanamizane. Koma mwana wa giredi 4 amene aphunzira kuyandama chaka chino, mu 2032 ku Brisbane kapena kutsogolo kwake angatidabwitse. Akalephera kufika kumeneko, adzafikako kunyumba madzulo ali moyo.