Ngolo siyomangira ndi waya

Nyengo ya msika wa fodya ikafika, msewu wochokera kwa Wimbe ndi ku Chamama umadzaza ndi mapikapu opita ku Chinkhoma. Ambiri amakoka ngolo kumbuyo kuti ulendo umodzi ukwane. Ife sitikuletsa zimenezi, poti mtengo wa mafuta tonse tikuudziwa. Chotidetsa nkhawa ndi kamangidwe kake.

Pamene payenera kulowa pini yeniyeni yokhala ndi chotsekera, ena amangolowetsa bawuti yadzimbiri, mwinanso waya wopota. Pa mabampu a msewu wafumbi bawutiyo imadumpha, ngolo nkuyamba ulendo wayokha. Nchifukwa chake pamafunika matcheni awiri, opingasa pansi pa chitsulo chokokera, kuti pini ikachoka chitsulocho chigwere pa matcheni osati pansi.

Koma nkhani yaikulu ndi kapakiridwe. Belo limodzi la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, choncho pikapu ya tani imodzi imakhala yakhuta ndi mabelo 10, ngolo isanakolekedwe nkomwe. Mu ngolomo katundu wolemera azikhala kutsogolo pang'ono kwa matayala. Mukamuunjika kumbuyo, ngolo imatukula msana wa galimoto ndipo liwiro likakwera imayamba kupukusa ngati mchira wa ng'ombe. Mukamuunjikanso kutsogolo kwenikweni, matayala akutsogolo a pikapu amapepuka, chiwongolero nkusiya kumva. Ngolo ikayamba kupukusa, dalaivala asaponde mabuleki mwadzidzidzi. Achotse phazi pa mafuta, agwire chiwongolero chilili mpaka ikhazikike. Potsetsereka alowe giya yaing'ono, chifukwa ngolo zambiri zowotcherera m'magalaja athu zilibe mabuleki akeake. Magetsi akumbuyo, ndi mpweya wa m'matayala, izo nzosachita kukumbutsana.

Tsono kwa inu abusa, ansembe ndi akulu a mpingo: galimoto zomwezi ndi zimene mumabwereka pa maliro, pa ukwati, ndi potengera amayi a Mvano kapena akwaya ku misonkhano. Munthu asakwere m'ngolo yokokedwa, ngakhale ulendo utakhala wongofika pa Mtunthama. Mwini fodyanso asakhale pamwamba pa mabelo ati kulondera chuma chake.

Musanalipire, zungulirani galimotoyo ndi maso anu, muone pini ndi matcheni. Dalaivala akakwiya, akwiye. Ndipo apolisi apamsewu wa M1 asamangofunsa mapepala okha, aziweramanso kuona chomwe chagwira ngolo.