Chuma cha M'mwala Chimatsata Wodziŵa Kuyenga

Mgodi wa Kamativi, kumadzulo kwa dziko la Zimbabwe, unatsekedwa m'chaka cha 1994 mtengo wa chitsulo cha tini utagwa. Kwa zaka zoposa 50 anthu adakumba pamenepo, natenga makamaka tini ndi kutaya mchenga wotsala m'milu yaikulu. Patapita zaka pafupifupi 30 anthu anabwererako, ulendo uno kudzafuna chimene anzao akale ankataya, ndicho chitsulo chopepuka chotchedwa lithiamu. Chimenechi ndicho mtima wa mabatire a m'mafoni, m'makompyuta ndi m'magalimoto oyendera magetsi.

Mwala umene umasunga chumachi akatswiri amautcha pegmatite. Chiphala cha miyala yosungunuka chikamazizira pansi pa nthaka ndi kusanduka mwala wa granite, pamatsala madzimadzi otentha odzaza ndi zitsulo zimene zinasoŵa malo m'mwala woyambawo. Madzimadziŵa amaloŵa m'ming'alu, ndipo akauma amapanga mizere ya mwala wa timibulu tikulutikulu. M'menemo mumapezeka lithiamu, tantalum wa m'zipangizo za magetsi, caesium ndi beryllium. Lithiamu anatulukiridwa m'chaka cha 1817 ndi Johan August Arfwedson wa ku Sweden, poyesa mwala wa mtundu womwewu wotchedwa petalite.

Tsono kukumba ndi chiyambi chabe cha ntchito. M'migodi yambiri, makilogalamu 100 a mwala amakhala ndi kilogalamu imodzi kapena aŵiri okha a lithium oxide. Mwalawo umaphwanyidwa ndi kuperedwa, kenaka timibulu ta spodumene, tokhala ndi lithiamu, timalekanitsidwa ndi zinyalala potengera kulemera kwake kapena poyandamitsidwa pa thovu la mankhwala. Chotsatira chake ndi ufa wosankhika wokhala ndi magawo 6 pa 100 alionse. Ufawu uli wouma mtima, ndipo asidi sangaugone msanga. Motero umaotchedwa m'ng'anjo mpaka madigiri oposa 1,000 kuti timibuluto tifufume ndi kumasuka. Ukazizira umasakanizidwa ndi asidi wa sulfure, nutenthedwanso pa madigiri pafupifupi 250, kenaka umaviikidwa m'madzi kuti lithiamu asungunukiremo. Madziwo akasefedwa ndi kuthiridwa soda, pansi pamadikha mchere woyera wotchedwa lithium carbonate. Pamafunika matani pafupifupi 8 a ufa uja kuti papezeke tani imodzi ya mcherewu.

Woŵerenga watcheru waona kale pamene pagona nkhani. Gawo loyamba limafuna makina ndi mphamvu za manja, pamene gawo lachiŵiri limafuna magetsi osadukiza, asidi wambiri ndi anthu odziŵa sayansi ya mankhwala. Phindu lalikulu lili m'gawo lachiŵirili. Dziko la Australia lakhala likutsogola pokumba lithiamu, makamaka pa mgodi wa Greenbushes, komabe kuyenga kwakukulu kwakhala kukuchitikira ku China. Dziko logulitsa mwala wosayenga lifanana ndi mlimi wogulitsa thonje pa mtengo wozizira, amene maŵa lake amakagula nsalu ya thonje lomwelo pa mtengo wolumpha.

Makampani a ku China anazindikira msanga zimenezi. M'chaka cha 2022 kampani ya Sinomine inagula mgodi wakale wa Bikita, m'chigawo cha Masvingo, pa madola 180 miliyoni a ku America, ndipo ya Huayou Cobalt inagula Arcadia, kufupi ndi Harare, pa madola 422 miliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja mwala wa lithiamu wosaperedwa, ndipo Namibia inachita chimodzimodzi mu 2023. M'chaka cha 2025 Zimbabwe inalengezanso kuti ngakhale ufa wosankhika uja udzaletsedwa kutuluka m'dzikomo.

Maganizo ameneŵa ndi oyenera, koma lamulo palokha silimanga ng'anjo. Pali zinthu zitatu zofunika kuzilingalira mofatsa. Choyamba ndi mtengo: mu Novembala 2022 tani ya lithium carbonate ku China inafika pafupi ndi mayuwani 600,000, koma pofika kumapeto kwa 2023 inali itatsikira pafupi ndi 100,000. Dziko lodalira mwala umodzi lingathe kudzaona zimene anaona anthu a ku Kamativi mu 1994. Chachiŵiri ndi zinyalala: kuyenga kumasiya milu ya mchenga ndi madzi a mankhwala, ndipo popanda oyang'anira odziŵa ntchito yao, mitsinje ndi minda ya anthu a m'midzi ndiyo imalipira. Chachitatu ndi kusatayanso chuma: m'mwala womwewo muli tantalum ndi caesium, ndipo wosadziŵa kuzipatula amazipereka kwaulere kwa wogula.

Nkhaniyi si ya kutali. Miyala ya pegmatite iliponso ku Alto Ligonha m'dziko la Mozambique, ndiponso m'boma la Mzimba m'Malaŵi, kumene anthu amakumbamo miyala yokongola ya aquamarine. Amuna ambiri a ku Malaŵi ndi Zambia adapita kale ku migodi ya Zimbabwe atanyamula mphamvu za manja ao zokha. Adzukulu ao ayenera kufika pa mgodi atanyamula nzeru za kuyesa mwala ndi kuuyenga.

Apa ndi pamene pali udindo wa aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu. Phunziro la asidi ndi michere, limene ophunzira ambiri amaliyesa longoloŵeza kuti akhoze mayeso, ndi lomwelo limene limasandutsa mwala wotuŵa kukhala chuma. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwala wokwezedwa pa lole wopita ku doko la Beira udakali fodya wa pachala. Udzafika pamphuno tsiku limene ana a eni nthaka adzakhale oyesa, oyenga ndi oŵerengera mtengo wake.