Musanakwere Boti la Eid, Werengani Majekete



Masiku khumi omaliza a Ramadan akamayandikira, m'magulu a WhatsApp mumayamba kuzungulira mauthenga a ulendo wa Eid. Achinyamata a ku Lilongwe, Kasungu ndi Salima amasonkherana ya minibasi yopita ku Nkhotakota, mabanja amafunsa mitengo ya malo ogona ku Sani ndi cha ku Chia. Chokopa chachikulu chimakhala kukwera boti madzulo, kukasambira pakati pa nyanja, kenako kudya chambo ndi mpunga wa kilombero nyenyezi zikutuluka. Ena sakudikira n'komwe Eid, akukonza futari ya pa boti mkati mwa mwezi uno. Mu uthenga wotere mumalembedwa mtengo wa munthu mmodzi, nambala ya Mpamba kapena Airtel Money, nthawi yonyamukira, ngakhale mtundu wa zovala kuti zithunzi zidzakongole. Zinthu ziwiri ndizo sizilembedwa: botilo lidaloledwa kunyamula anthu angati, ndipo muli majekete oyandamitsa angati.

Tikamakangana za maulendowa, mkangano wathu umathera pa nyimbo, pa mavalidwe ndi pa kusakanikirana kwa amuna ndi akazi. Zimenezi n'zofunika ndipo masheikh azinenabe. Koma n'zodabwitsa kuti bambo yemwe wafunsa katatu ngati nkhuku idazingidwa ndi Msilamu, amakweza ana ake anayi m'boti lamatabwa osafunsa ngakhale kamodzi za jekete. Wina akalimba mtima n'kufunsa, yankho limabwera msanga: "Inu, tsiku likakwana lakwana. Tiyeni tingotsamira kwa Allah." Mawu amenewa ndiwo ndalembera nkhaniyi, chifukwa amamveka ngati imani pomwe ndi ulesi wovala mkanjo.

Palibe akunena kuti nyanja ndi haramu. Qur'an m'malo ambiri, monga mu Surah An-Nahl ndi Surah Al-Jathiyah, imatchula nyanja, zombo zoyenda pamwamba pake ndi nsomba zake ngati mtendere wochokera kwa Allah ndi chizindikiro kwa anthu olingalira. Eid ndi tsiku lachisangalalo, moti kumanga pa tsikuli n'koletsedwa. Mwana wa Chisilamu ali ndi ufulu woona nyanja ya dziko lake monga momwe amaionera mlendo wochokera ku London. Choncho pitani kunyanja, koma muidziwe kaye nyanja yomwe mukupitako.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo pena ndi yakuya kupitirira mamita 700. Nkhotakota ili kugombe la kuzambwe, ndiye dzuwa sililowera m'madzi ngati pa zithunzi zotsatsa malonda. Limabisala kuseri kwa mtunda ndi mapiri, ndipo pasanathe theka la ola kumakhala kutada. Onjezanipo ichi chomwe Msilamu aliyense amachidziwa koma sachilumikiza ndi ulendo wake: Eid imagwa pa tsiku loyamba la mwezi. Kamwezi ka Shawwal n'kowonda ngati chikhadabo ndipo kamalowa dzuwa litangolowa kumene. Madzulo a Eid ndi amodzi mwa madzulo amdima kwambiri pa mwezi wonse. M'masiku khumi omaliza a Ramadan namonso mwezi umatuluka usiku kwambiri kapena m'bandakucha. Ndiyo nthawi yomwe alovi a usipa amaikonda, chifukwa nyali zawo zimakoka nsomba bwino kukakhala bii. Munthu akagwa m'madzi pa mdima wotere, mutu wake suoneka ngakhale ali pafupi ndi boti.

Nyengo nayo sili kumbali yathu. Zaka zino Ramadan ikugwa mu February ndi March, dzinja lili mkati, pamene mvula ya mabingu imatha kugwetsa mphepo panyanja mwadzidzidzi. Mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa imakhala yodzaza, ikukokolera zitsa ndi mitengo m'nyanja. Anthu a ku Dwangwa sadaiwale madzi osefukira a kumapeto kwa February 2024 omwe adasamutsa anthu masauzande. Eid ya Qurban nayo ikugwa mu May ndi June, mwera utayamba kale, ndipo a nthambi yoona zanyengo satopa kuchenjeza oyenda panyanja za mphepo imeneyi. Kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango a ku Chia kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo chisisira ndiyo nthawi yake mvuu yotuluka kukadya, ng'ona nayo ili pa ulenje. Mu May 2023, mvuu idagubuduza bwato lonyamula anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje, mabanja ambiri n'kulira maliro.

Ngati mukuganiza kuti boti lanu ndi lalikulu, kumbukirani Vipya. Inali sitima yachitsulo, yatsopano, yopangidwa ku Scotland. Pa 30 July 1946 idakumana ndi mwera kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi Chitimba, ndipo idamira ndi anthu 145. Madzi omwe adameza chitsulo sangachite manyazi ndi matabwa ndi injini imodzi.

Maiko ena adalira kale maliro a ulendo wofanana ndi womwe tikusonkherana ndalamawu. Pa 18 June 2018, mkati mwa tchuthi cha Eid, boti lotchedwa Sinar Bangun lidamira pa nyanja ya Toba ku Indonesia litadzaza mopitirira muyeso, ndipo anthu oposa 160 sadapezekenso. Mu November chaka chomwecho, boti lachisangalalo lidagubuduka madzulo pa nyanja ya Victoria ku Uganda, anthu oposa 30 n'kufa. Pa 7 May 2023, ku Tanur m'dziko la India, dera lomwe Asilamu ndi ambiri, boti loyendetsa alendo lidagubuduka kutangoda ndipo anthu 22 adafa, ambiri mwa iwo ana. Nkhani zake n'zofanana: anthu ochuluka kuposa mlingo, majekete ochepa kapena osavalidwa, ndiponso madzulo. Bungwe la WHO lidawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, vutoli ndi lalikulu kwambiri kuno ku Africa.

Tsopano tibwere pa tawakkul. Palibe munthu adatsamirapo kwa Allah kuposa Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam). Koma mabuku a mbiri yake amatiuza kuti pa nkhondo ya Uhud adavala malaya achitsulo awiri, ena pamwamba pa ena. Pa Hijra adabisala kuphanga la Thawr masiku atatu, ndipo adalemba ganyu katswiri wodziwa njira, Abdullah ibn Urayqit, yemwe pa nthawiyo sadali Msilamu. Mu hadith yomwe adailandira Imam Tirmidhi, munthu wofuna kusiya ngamira yake yosamanga adalangizidwa kuti aimange kenako atsamire kwa Allah. Nuh (Alaihi salaam) adalonjezedwa chipulumutso, komabe adalamulidwa kukhoma chombo ndi manja ake. Umar ibn Al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) adabwerera panjira atamva kuti ku Shaam kwagwa mliri, ndipo atafunsidwa ngati akuthawa chikhazikitso cha Allah, adafotokoza kuti kubwererako nakonso n'chikhazikitso cha Allah. Mtumiki adavala malaya achitsulo awiri. Inu mukukana jekete imodzi. Mwa awiri inu, wodziwa tawakkul ndani?

Ena amathawira ku hadith yoona, yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, yomwe imawerengera womira m'madzi m'gulu la mashahidi. Chimenecho n'chifundo cha Allah kwa womirayo ndi chitonthozo kwa ofedwa. Sichichotsa mlandu pa yemwe adamukweza. Surah An-Nisa, ndime 92, imaika dipo kwa abale a womwalira pa munthu wopha mnzake mwangozi, komanso kaffara, yomwe kwa wosapeza kapolo womumasula ndi kumanga miyezi iwiri yotsatizana. Ma ulama a fiqh adalongosola kuti kunyalanyaza komwe kwadzetsa imfa kumam'senzetsa munthu udindo. Ife tatopa ndi masiku 29 kapena 30. Wokonza ulendo yemwe waonjezera anthu asanu kuti ndalama ikwane aganizire za miyezi iwiri yopanda kudukiza, ndi nkhope ya mayi yemwe adzamuyang'ane pa janaza. Imam Al-Ghazali ndi Imam Ash-Shatibi adaika kuteteza moyo m'gulu la zinthu zisanu zomwe Shariah idadzera kudzazisunga. Kujambulitsa pa boti mulibemo.

Anthu a ku Nkhotakota ali ndi chifukwa china chonyansidwira ndi kupanikiza anthu m'boti. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo kudzera pa gombe lino Chisilamu chidazika mizu m'derali. Koma zombo za a Jumbe zinkaolotsanso akapolo kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa, atathithikana ngati matumba. David Livingstone adafika kuno mu 1861 ndi 1863, ndipo malondawo adapitirira mpaka m'ma 1890. Gombe lomwe lidaonapo munthu akuwerengedwa ngati katundu lisalole kuti mwana wa munthu awerengedwenso ngati ndalama yoonjezera ya petulo.

Za kusambira, tinene mosabisa. Ana a m'mphepete mwa nyanja amaphunzira kusambira asanayambe sukulu. Ana athu a m'tauni, makamaka atsikana, ambiri sadaphunzirepo. Abaya kapena mkanjo ukanyowa umalemera ndi kukulunga miyendo. Mlongo yemwe wavala mwaulemu ndiye ali pa chiopsezo chachikulu boti likapendekeka, ndipo mwina ali ndi khanda kumsana. Jekete imavalidwa pamwamba pa abaya, siivula munthu, imaonjezera kubisa thupi. Yemwe akuchita nayo manyazi akumbuke kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kwa omanga, ma ulama a madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri kuno timawatsatira, amati kudzimiza m'madzi uli pa swaumu ndi makruhu, ndipo madzi akalowa m'mimba mwa njira imeneyo swaumu yaonongeka. Ukadikira kuti umasule kaye, ndiye kuti ukulumphira m'madzi akuya mumdima, thupi litafooka ndi maola oposa 13 opanda chakudya ndi madzi. Pamenepo nthawi ya Maghrib, yomwe ndi yaifupi, ikutha, boti likuzungulira, chibula chasokonekera, ndipo Tarawehi ya usiku womwe mwina ndi Lailatul Qadr yatsala kumtunda.

Ndikudziwa yankho lina: majekete ndi odula, mwini boti ndi wosauka, ndipo alovi amapita usiku uliwonse opanda jekete. Zoona, ndipo midzi ya kugombe ikudziwa chiwerengero cha amasiye omwe nyanja idawasiya. Alovi amapita chifukwa cha njala ya ana awo, ife tikupita kukajambulitsa. Surah Al-Kahf imasimba za chombo cha anthu osauka ogwira ntchito panyanja, ndipo ma ulama adatengapo phunziro loti munthu atha kukhala ndi chombo n'kukhalabe masikini. Choncho mwini boti tisamufinye. Tikamunenerera mtengo mpaka atsale wopanda phindu, ndife tikumukakamiza kudzaza boti. Gulu lomwe lakwanitsa minibasi yochokera ku Lilongwe, chambo ndi yunifomu ya zithunzi lingakwanitse kulipira maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Makomiti a mizikiti ya kugombe, mabungwe a achinyamata ndi a amayi angathe kugula majekete, a akulu ndi a ana, n'kumabwereketsa. Imeneyo ndi sadaka yopitirira ngati mjigo, chifukwa nayo ikusunga moyo.

Pempho langa kwa wokonza ulendo ndi ili. Funsani chiphaso cha boti ndi cha woyendetsa, pakuti malamulo a dziko lino a zoyenda pamadzi amafuna zimenezi, ndipo pali dipatimenti ya boma ndi apolisi a panyanja oziyang'anira. Werengani majekete ndi maso anu anthu asanakwere, ndipo aliyense avale ndi kumanga zingwe boti lisanachoke. Nyamukani Asr itangopempheredwa, mubwerere kumtunda dzuwa likadalipo, muswali Maghrib pamchenga mwa jamaa, chambo mudyere pamphasa. Osambira asambire masana, pamalo osaya omwe eni dera akulozerani, pali wamkulu wodziwa kusambira yemwe ntchito yake ndi kuyang'anira basi. Mlovi wachikulire akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, mawu akewo ndi omaliza ngakhale mwalipira kale.

Kwa makolo: mwana akakupemphani ya ulendo, mufunseni za majekete musanamufunse za mtengo. Kwa ophunzira: amene adzakusekeni kuti ndinu amantha sadzakhalapo pokumba manda anu. Kwa aphunzitsi a madrassa: zimanenedwa kuti Umar adalangiza kuti ana aziphunzitsidwa kusambira, ndiye tipeze njira yoti atsikana nawo aphunzire, kwaokha, ndi aphunzitsi aakazi. Kwa masheikh athu: khutba ya Ijuma yomaliza ya Ramadan imakamba za Zakaatul Fitr ndi swala ya Eid. Onjezanipo mphindi ziwiri za nyanja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mawu anu pa mimbari amafika komwe chenjezo la pawailesi silifika.

Mwezi wonse taphunzira kuyang'ana madzi ozizira tili ndi ludzu n'kunena kuti nthawi yake sinakwane. Luso lomwelo tiligwiritse ntchito pagombe, boti likadzaza kapena kunja kukada.

Allah alandire swaumu yathu ndi kuima kwathu kwa usiku, awachitire chifundo onse omwe adatsikira m'madzi a nyanjayi, awasunge alovi athu, ndipo atibweze kumakomo kwathu tili okwanira monga tidanyamukira. Ameen.