Yankho la Mkonzi: Kodi Thandizo la Ndalama Limabala Ulesi mwa Olumala?

Mawu amene akhala akumveka m'misika, m'maminibasi, ngakhalenso pakati pa akuluakulu ena amene tikadayembekeza kuti ayambe alingalira asanatsegule pakamwa, akuti kupatsa munthu waulumali ndalama mwezi ndi mwezi ndiko kumuphunzitsa ulesi ndi kuthira chuma cha dziko m'chitini chobooka, ife tawamva, tawasinkhasinkha, ndipo tikuwakana. Eni mawuwa amakonda kutchula mtumwi Paulo ndi chidzudzulo chake kwa Atesalonika, kuiwala kuti iye ankadzudzula anthu amphamvu zawo okana ntchito, osati amene khasu lawakanika. Ndipo m'Buku Lopatulika lomwelo muli mfumu Davide, imene itapeza Mefiboseti wopunduka miyendo, sinamuyese mlesi, koma inamubwezera minda ya Sauli agogo ake, nimupatsa Ziba woti azimulimira.

Chimene onenawa saona n'chakuti ulumali uli ndi mtengo wake, umene munthu walungalunga salipira. Kumene wina ayenda pansi, wopuwala alipira kabaza. Wachialubino asowa mafuta ndi chipewa zomuteteza ku dzuwa limene likhoza kumudzetsera khansa ya pakhungu. Wakhunyu ayenera kufika kuchipatala kukatenga mankhwala, mvula igwe isagwe. Ndipo mayi wolera mwana wosatha kudzikhalira yekha sangapite ku ganyu monga anzake, kotero kuti khomo limodzi litaya manja a anthu awiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu aulumali oposa miliyoni imodzi ndi theka m'Malawi muno. Kodi onsewa n'kuwauza kuti angolimbikira?

Tisakangane ndi m'maganizo mokha, pakuti umboni ulipo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 nafalikira m'maboma onse 28, amathandiza ndi ndalama mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo ambiri a mabanjawa ali ndi wokalamba, wodwala nthawi yaitali kapena wolumala. Pamene akatswiri a University of North Carolina pamodzi ndi anzawo a Centre for Social Research ku Zomba anatsata mabanja otere ku Salima ndi ku Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015, anapeza kuti olandirawo anayamba kudya kangapo pa tsiku, ana awo anachuluka kusukulu, anagula nkhuku, mbuzi ndi makasu, nachepetsa maganyu a m'minda ya eni kuti alime yawoyawo. Mlesi sagula khasu. Inde, sitikana kuti alipo mmodzi kapena awiri amene ndalama yake ithera ku kachasu (monganso alipo a malipiro a boma ochita zomwezo, ndipo palibe anenapo kuti malipiro athetsedwe), koma nsomba imodzi yowola tiichotsa mu dengu, sititaya dengu lonse m'nyanja.

Ngati pali cholakwa, chili kwina. Ndalamayo njochepa, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inachepa koposa. Nthawi zina imachedwa, mpaka wolandira alowa m'katapila akudikira. Ndiponso popeza imaperekedwa kwa banja, wolumala wokhala m'nyumba imene sinalembedwe m'kaundula sapeza kanthu. Ku South Africa wolumala wosatha kudzipezera zosowa alandira ndalama m'dzina lake, yoposa R2,000 pa mwezi; ife sitingafike pamenepo lero, koma njira yake taiona.

Makolo anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo ngozi za pamsewu, poliyo ndi matenda a shuga zatsimikiza mawuwo. Chifukwa chake tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene inavomereza lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa m'malo mwa lija la 2012, kuti pokambirana bajeti ikudzayi akweze ndalamayi molingana ndi mtengo wa chimanga, aonetsetse kuti ikufika pa nthawi yake, ndipo aganizire zoipereka m'manja mwa wolumala mwini wake.