Golide amaoneka ndi maso, monazite ayi

Ku Vubwi, m'Zambia, palibe amene amafunika kuphunzitsidwa maonekedwe a golide. Anyamata amakumba, amayi amatsuka dothi m'mabeseni, wogula amafika ndi kasikelo kake. Ngakhale mtengo akhomeredwe, wokumba amadziwa chimene wagulitsa.

Nanga mwala umene maso sangauzindikire? Monazite amaoneka ngati timchenga tofiirira tolemera, tomwe munthu angakhuthule pansi osaganiza kawiri. Komatu mkati mwake muli zitsulo za m'gulu la rare earths, zomwe zilipo 17. Ziwiri mwa izo, neodymium ndi praseodymium, ndizo amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi, m'makina opukusa magetsi ndi mphepo, ngakhalenso m'mafoni amene achinyamata a pa Vubwi pomwepa sawasiya m'manja. Pafupifupi ntchito yonse yoyenga zitsulozi ili m'manja mwa China, n'chifukwa chake mayiko a azungu ali kalikiliki kusakasaka kwina.

Kutsidya kwa malire nkhaniyi yafika kale. Phiri la Kangankunde ku Balaka, m'Malawi, lakhala likudziwika kwa akatswiri a miyala kwa zaka zambirimbiri, anthu akungolima m'munsi mwake. Mu 2022 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, inagwirizana zogula kampani imene inali ndi chilolezo cha phirilo pa madola 30 miliyoni, ndipo chaka chotsatira inalengeza kuti pansi pake pali matani 261 miliyoni a mwala wokhala ndi zitsulozi. Ku Phalombe, Mkango Resources ili pa phiri la Songwe. Zambia nayo ili ndi phiri la Nkombwa ku Isoka.

Mu 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema anakhazikitsa ntchito younika nthaka ya dziko lonse ndi ndege, yomwe inapatsidwa kwa kampani ya Xcalibur. Ganizolo n'labwino. Chodetsa nkhawa n'chakuti mapu otere amayamba kufika pa makompyuta a ku Lusaka, Perth ndi Toronto, mwini munda n'kudzamva pamene alendo afika ndi chikalata chodinda kale.

Unduna wa za migodi utumize anthu ake kumpando wa Mfumu Pembamoyo ku Vubwi ndi kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, adzafotokoze m'Chichewa zimene ndegezo zaona pansi pa minda ya fodya ndi soya. Azichita zimenezi chilolezo chisanaperekedwe kwa aliyense.