Mphaka wa maso a manthongo musamutaye

Aliyense wochita malonda a chimanga, nyemba kapena usipa pa Boma la Mzimba, pa Jenda kapena ku Embangweni akudziwa kuti wakuba wamkulu ndi khoswe. Nchifukwa chake ambiri amatola ana amphaka otayidwa kuseri kwa msika nkuwaika m'sitolo. Patapita masiku ochepa kamphaka kaja kamayamba kuyetsemula, maso nkufiira, manthongo nkumata zikope. Apa mwini golosale amati wandibweretsera tsoka, kapenanso ndi wotumidwa, nkukakataya kudambo.

Ine ndikuti tiyeni tisiye khalidwe limeneli, anthuni. Matendawa ali ndi dzina ndipo ufiti palibepo.

Kawirikawiri chimene chimadwalitsa maso a amphaka otoledwa ndi kachilombo kotchedwa feline herpesvirus. Kamafala pakati pa amphaka okhaokha kudzera m'mamina, m'misozi ndi m'mbale yodyeramo limodzi. Munthu sikamugwira, choncho mayi asaope kuti mwana wake atenga. Chovuta chake nchakuti kakalowa sikatuluka. Madokotala a ziweto amati pafupifupi amphaka 8 mwa 10 alionse amene adwalapo amakhala nako moyo wao wonse, katabisala m'mitsempha ya kumaso. Mphaka amachira, nkukhala bwinobwino miyezi yambiri, kenaka akasamutsidwa, akabereka, akagona ndi njala kapena akavutitsidwa ndi agalu, diso lija nkuyambiranso kulira. Ndiye taganizani kamphaka kamene kabwera pa lole kuchokera ku Edingeni katamangidwa m'thumba, m'chisanu cha Juni cha kuno ku Mzimba.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi thandizo lolakwika. Ena mwa chifundo amaphwanyira mphaka Panado m'mkaka. Chonde, musayerekeze! Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwalawa, ndipo m'bulu umodzi wokha ungamuphe. Ena amadonthezera mankhwala a maso otsala a agogo. Ngati muli steroid, monga dexamethasone, ndiye mwakadzutsa kachilombo kaja, ndipo ngati pagalasi la diso pali chilonda chimangokula mpaka diso kuphulika. Mafuta a m'maso a tetracycline amathandiza pa mabakiteriya amene amalowerera m'diso lodwala, koma kachilombo keniko sakapha, ndipo ndi bwino mlangizi wa ziweto ayambe waona.

Zimene zimapulumutsa mphaka zambiri nzaulere. Wiritsani madzi, azizire pang'ono, pukutani manthongo ndi kansalu koyera kangapo patsiku, diso lililonse ndi kansalu kake. Ana amphaka ambiri amachita khungu chifukwa choti zikope zinamatana mafinya nkuunjikana m'kati popanda wowatsegula. Mphaka wotsekeka mphuno samva fungo, ndipo akapanda kumva fungo sadya, ndiye mtenthetsereni usipa kapena matemba kuti fungo limufike. Agone pa chiguduli, pofunda, kutali ndi utsi wa mbaula. Wodwala apatulidwe kwa anzake, mbale itsukidwe ndi sopo, pakuti kunja kwa thupi kachilomboka sikatha tsiku kali moyo. Chimfine chotere chimatha pa sabata ziwiri kapena zitatu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma diso likachita mtambo, kapena mphaka akalitsinzina osatsegula, kapena akakana kudya masiku awiri, pamenepo thamangirani ku ofesi ya za ziweto.

Ndipo apa mpamene ndikufuna a Unduna wa Zamalimidwe amve. Ife a ku Mzimba mtima wathu uli pa ng'ombe, ndipo palibe angatidzudzule. Galu naye amakumbukiridwa pa katemera wa chiwewe. Nanga mphaka? Katemera wa chimfine cha amphaka alipo, amabayidwa kawiri mphaka ali wamng'ono, ndipo ngakhale satseka khomo kotheratu amachepetsa ukali wa matendawa. Mapiritsi a famciclovir othandiza amphaka odwala kwambiri aliponso. Koma zonsezi nza m'mizinda, monga ku bungwe la LSPCA ku Lilongwe limene linayamba m'chaka cha 2008. Wogulitsa matimati pa Jenda angakwere minibasi kupita ku Lilongwe atanyamula mphaka? Anzake akhoza kumuseka mwezi wathunthu. Masiku ano sukulu ya LUANAR ku Bunda ikutulutsa madokotala a ziweto ophunzira konkuno. Ophunzira inu, mukabwera patchuthi kapena kudzayesera ntchito kuno kumpoto, patulani tsiku limodzi la msika muone amphaka a m'magolosale, muwabayenso katemera wa chiwewe poti naonso amachitenga.

Wina anena kuti anthu akusowa mankhwala m'zipatala, ine ndikulemba za amphaka. Ndamva. Koma wamalonda akataya mphaka makoswe sachoka, ndipo chimene amakagula m'malo mwake tonse tikuchidziwa: tameki wa m'timapepala, poizoni amene wapha kale anthu ambiri m'dziko muno, nkumuthira pansi pa shelefu yomweyo imene pali ufa ndi shuga wogulitsa kwa inu ndi ine.